Che Penti ndi Khoma Limene Ndinapaka Laimu

Dzina la a Sitefano pa mtanda wa pamanda awo ndinalemba ndine, ndipo ndinalemba moipa. Zilembo zoyamba ndi zikuluzikulu, zomaliza zapanikizana ngati anthu m'minibasi ya ku Liwonde, chifukwa thabwa linanditherera ndisanamalize. Munthu amene analemba mitanda ya manda ambiri kuno ku Ngokwe, amene analemba zikwangwani za zigayo, magolosale ndi matiyirumu, wagona pansi pa zilembo zokhotakhota za mnyamata wa kabaza amene anasiyira sukulu mu Sitandade 6. Sabata yatha tinachita misa yowakumbukira chaka chitakwana, ndipo mwana wawo Agnesi anati tikamadzamanga chiliza tidzaitane wodziwa kulemba wa ku Balaka. Pakamwa ndinavomera, koma zinandikwiyitsa. Ine sindichedwa kupsa mtima, pa siteji aliyense amadziwa. Ndiye ndati m'malo mokalipira Agnesi, amene sanandilakwire kanthu, ndikhale pansi ndilembe za bambo ake.

Sitefano linali dzina la ubatizo. Anzathu achiyao anawatcha Che Penti ine ndisanabadwe, ndipo dzinalo linakakamira moti ngakhale bambo mfumu ankawatchula choncho pa guwa. Anali munthu wamfupi, phewa limodzi lotsika chifukwa chonyamula makwerero zaka zambiri. Makolo awo anachokera ku Mozambiki kulowera pa Nayuchi, ndipo penti ikadontha pamalo olakwika ankatukwana m'Chilomwe kuti ana asamve. Zikhadabo zawo sizinayerepo. Azibambo amene anasambitsa thupi lawo anatuluka m'nyumba akunena kuti ayesa sopo, ayesa palafini, koma buluu wa m'chala chachikulu wakana kuchoka.

Ine ndinkawanyamula pa njinga yamoto. Anzanga onse pa siteji anali atatopa nawo, chifukwa Che Penti sankakwera ngati anthu ena. Ukuthamanga bwinobwino, ungomva khofi pamsana: ima! Uima poganiza kuti chagwa chinthu. Iwo atsika, aima m'mbali mwa munda wa thonje, atsinzina diso limodzi, zii.

"Agogo, mafuta akuthatu."

"Zimitsa. Mthunzi wa mtengo uwo ndi wamtundu wanji?"

"Wakuda. Nanga mthunzi umakhala wamtundu wanji?"

"Iwe maso anakupatsa kuti uzionera apolisi apamsewu basi? Yang'ananso."

Ndinkayang'ana nditakwinya nkhope, ndipo chondipweteka n'chakuti ankalondola. Mthunziwo unali wabuluu, kumapeto kwake ngati khungu la biringanya. Ankati wakuda weniweni amapezeka m'chitini mokha, kunja kuno Mulungu sanamugwiritse ntchito. Ankatinso thonje si loyera, limabwereka mtundu kwa dzuwa m'mawa n'kubweza madzulo. Zoterezi ankazinena ngati akunena mtengo wa mchere, osaseka, kenako n'kukweranso njinga kuti tizipita, tachedwa, ngati wochedwetsayo ndinali ine.

Zonsezi zinachokera m'buku limodzi. Ali mnyamata anakagwira ganyu yosakaniza penti pa mishoni ina ku Balaka, kwa bulazala wa ku Italiya amene ankajambula makoma a matchalitchi. Pobwerera kwawo bulazalayo anawasiyira buku lolemera ngati njerwa zitatu, lodzaza zithunzi za ojambula a ku Ulaya kuyambira kale mpaka posachedwapa. Chiswe chinadya chikuto ndi ngodya imodzi, ndiye ankalisunga m'thumba la feteleza pamwamba pa kabati. Mawu ake anali a Chitaliyana, sankatha kuwawerenga. Poti mayina a ojambulawo sankawadziwa, anawagawa m'mafuko monga timagawirana kuno, fuko lililonse ndi dzina limene analipatsa okha. Mawu a bulazala uja ankakumbukirako ochepa, ndipo ankawatchula mokoka ngati akuimba misa.

Oyamba ankawatcha a golide. Kumbuyo kwa munthu kulibe phiri, kulibe mtambo, golide yekhayekha. Maso akuluakulu, nkhope zosaseka, woyera mtima wamtali mpaka kudenga pomwe munthu wamba ndi kanthu kakang'ono kumapazi. Ine nditaona ndinati awa sankadziwa kujambula. Che Penti anandilanda bukulo. Anati ankadziwa bwino lomwe, koma ankajambula kumwamba, ndipo kumwamba kulibe pafupi ndi patali.

Za fuko lachiwiri sanandiuze ndi buku. Tinapita ku Nayuchi kukalemba chikwangwani cha munthu wogula nandolo, ndipo titamaliza anandiimika pakati pa njanji. Anandifunsa ngati zitsulo ziwirizo zimakumana. Ndinati iyayi, sitima ingagwe. Anati ndiye yang'ana kutsogolo. Kutsogoloko zinali zitakumana pa kadontho kamodzi. Anati tsiku limene anthu a ku Italiya anaphunzira kuika kadontho kameneko pakhoma, khoma linabooka, anthu n'kumaona mkati ngati pazenera: chipinda, msewu, phiri kutali. Nthawi imeneyo ankaitchula kuti Renesansi, koma iwo ankangoti a njanji. Ankawalemekeza, koma osawakonda kwenikweni. Ankati amayeza chilichonse ndi lula, ali ngati aphunzitsi a masamu, munthu sungamwe nawo tiyi.

Panali tsamba lina limene ankakonda kunditsegulira ndikabwera nditamenyana ndi munthu pa siteji. Mdima bii, kuwala kukuchokera mbali imodzi ngati wina watsegula chitseko pang'ono, munthu wasolola lupanga, wina watsegula pakamwa. Awa anali a nyali, a Baroko. Che Penti ankati ojambula amenewa ankatola anthu kumsika ndi kumowa, n'kuwaveka nsalu kuti akhale atumwi, mapazi ang'aning'ani ndi fumbi lomwe. Akuluakulu a mpingo ankakwiya, koma osauka ankalowa m'tchalitchi n'kudzipeza okha pakhoma.

"Ili ndiye fuko lako," ankatero. "Mmodzi wa iwowa anapha munthu pa ndewu, n'kufera m'njira akuthawa. Kusiyana kwake n'kwakuti iye ankadziwako ntchito."

"Agogo, mukandiputa ndikusiyani pano muyende wapansi."

"Pano ndi pakhonde panga, chitsiru iwe."

Mikangano yawo ndi makasitomala inali yosatha, chifukwa ankafuna kuyesa mafuko onsewo pa makoma a Ngokwe. Wometa tsitsi wina anawatuma kuti amujambulire mitu itatu ya masitayilo. Sabata imeneyo Che Penti anali atagwidwa ndi fuko limene ankalitcha ophwanya, a Kubisimo, amene ankajambula nkhope yakutsogolo ndi yam'mbali nthawi imodzi. Ankati amenewa anaona zigoba zosema za kuno ku Afirika, n'kutengera, osanena ndi zikomo yemwe, ndiye iwo Che Penti akungotenganso zathu zomwe. Chikwangwani chitakwezedwa msika wonse unabwera kudzaseka. Wometayo analira kuti ndani angalowe m'nyumba imene munthu amatuluka mphuno ili pakhutu? Che Penti anafufuta, anajambula mitu itatu yooneka bwino, koma kumbuyo kwa thabwalo anabwezerako wa mphuno pakhutu uja. Mpaka lero ali komweko, wayang'ana khoma.

Amene sanakanganepo naye ndi Che Saidi, mwini golosale yoyang'anizana ndi khonde lawo. Che Saidi anawauza kuti pakhoma pake safunapo nkhope ya munthu kapena ya nyama, chipembedzo chake sichilola. Che Penti anadzaza khomalo ndi mizere ndi timabokosi tofiira, tachikasu, tobiriwira. Atamaliza anatsegula masamba omaliza a buku, pamene palibenso munthu kapena mtengo, mitundu yokhayokha, n'kumuuza kuti azungu anayenda ulendo wautali zedi kuti akafike pamene anthu a kumzikiti anali atakhala kale. Che Saidi anasangalala moti tiyi wa madzulo ankawatumizira tsiku lililonse mpaka imfa.

Koma fuko la pamtima pawo linali la othamangitsa dzuwa. Masamba amenewo anali akuda m'mphepete chifukwa chogwiragwira. Ankati makamera atabwera, ojambula ena a ku Falansa anati zofanizira nkhope bwinobwino tazisiyira makina, ife tituluke panja tikagwire kuwala kusanasinthe. Ankajambula mothamanga, kadontho apa, kamzere apo, osasalaza. Anthu ankawaseka kuti ntchito yawo njosamaliza. Zimenezi anandiuza kangapo konse. Ndikanamvetsera ngakhale kamodzi kokha, nkhani imene ndikufuna kunena sikanachitika.

Mayi anga anamwalira chaka chimene ndinasiya sukulu. Ankakazinga zitumbuwa pafupi ndi khonde la Che Penti. Chithunzi chawo chinali chimodzi chokha, pa kakhadi kovotera, ndipo chinanyowa denga litadontha mpaka kutsala banga. Nditakula ndinazindikira kuti nkhope yawo yandithawa. Mawu ndinkawakumbukira, fungo la utsi pa chitenje chawo ndinkalikumbukira, koma ndikatsinzina kuti ndiwaone, pamalo pa nkhope pankangokhala mbee. Sindinauzepo munthu. Tsiku lina tikutsegula bukulo tinafika pa chithunzi cha mayi atanyamula mwana, ndipo zinangondituluka pakamwa. Che Penti anatseka buku n'kundituma kukagula palafini.

Patapita miyezi, komiti ya katchalitchi kathu inawapempha kuti ajambule khoma la kumbuyo kwa guwa, chifukwa ambuye episikopi ankabwera kudzapereka sakramenti la ulimbitso. Iwo anasankha ulendo wa Maria ndi Yosefe wothawira ku Ejipito, koma anati bulu sajambula, Ejipito sanamuonepo. Adzajambula anthu akutsata njanji kuchokera ku Nayuchi, katundu pamutu, monga ankalowera kuno othawa nkhondo ya ku Mozambiki. Kenako anandiyang'ana n'kuti, "Nkhope ya Maria ndikabwereka kwa mayi ako. Usalowemo mpaka ndikuitane."

Nthawi imeneyo maso awo anali atayamba kuchita ng'ala. Anthu ankanong'onezana kuti madala atha, ndalama za zana limodzi ndi za mazana awiri akumazisiyanitsa pozifikitsa pamphuno. Ankagwira ntchito okha, atatseka chitseko, ndipo pochoka ankaphimba khomalo ndi mikeka. Ine ndinkawasiya pakhomo m'mawa n'kudzawatenga madzulo. Masabata amenewo sindinamenyane ndi munthu. Ndinkangoganiza kuti ndikaonananso ndi mayi anga.

Tsiku limene anandiitana ndinalowera khomo lam'mbali, limene lili pafupi ndi guwa penipeni. Anachotsa mkeka wapakati. Ndinathamangira pakhomapo mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda. Ndinaona matope. Patsaya panali banga lobiriwira, pachipumi chikasu, pakhosi buluu. Maso kunalibe, timizere tiwiri tokha ngati nkhuku yapalasa. Pakamwa panali penti yochindikala, yofiira ndi yobiriwira, yosasalaza n'komwe.

"Pita ukaime pakhomo lalikulu," anatero.

Sindinamve. Magazi anali atakwera kale. Ndinawauza mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira ndimaluma mano. Ndinati mayi anga sanali wakhate. Ndinati ngati maso anatha mukanangonena, m'malo moseweretsa munthu wakufa. Ndinatulukira khomo lomwe ndinalowera lija, n'kuliza njinga, kuwasiya ayende wapansi.

Mawa lake anadzuka ndi malungo, anagona masiku angapo. A komiti anapita kukasuzumira. A Matiyasi, tcheya wa tchalitchi, anakweza mkeka n'kulowetsa mutu, enawo n'kuchita chimodzimodzi mmodzimmodzi, ndipo onse anatuluka atagwira pakamwa. Kwathu kuno kukamabwera mlendo wamkulu timapaka laimu chilichonse: miyala ya m'mbali mwa njira, mitengo mpaka m'chiuno, chimbudzi, ngakhale chitsa. Chimene chikuchititsa manyazi timachiyeretsa. Komiti inagwirizana kuti khomalo lipakidwe kaye, za chithunzi adzaona mlendo akapita. Koma panalibe wolimba mtima kukhudza ntchito ya munthu wamkulu ngati Che Penti. Ine ndinamva nkhaniyo pa siteji, ndipo ndinadzipereka ndekha.

Ndinkachotsa mkeka umodzi, kupaka, kuchotsa wina, kupaka, ndowa ili kumapazi, nkhope ili pakhoma. Sindinasunthe ngakhale mapazi atatu kubwerera m'mbuyo. Nditafika pankhope paja mtima unawiranso. Penti yochindikala ya pakamwa ija inkatumphuka pansi pa laimu, ikukana kubisika. Ndinatola chibanthu cha njerwa n'kuipala mpaka pulasitala inaonekera. Kenako ndinapaka kawiri.

Tsiku la ulimbitso Che Penti anabwera atatsamira ndodo, anakhala benchi yomaliza. Maso awo anali ofooka, koma khoma loyera mbee analiona. Anaimba nyimbo zonse, analandira ukalistia, misa itatha n'kubwerera kwawo. Ine ndinabisala kumbuyo kwa kwaya. Ndinkadikira kuti andiitanire kwa amfumu, kapena anditukwane m'Chilomwe pamaso pa anthu, ndipo ndinali nditakonza kale zoyankha.

Lolemba m'mawa anafika pa siteji n'kukhala pa njinga yanga osapereka moni.

"Kutchalitchi. Udutse kwa Che Saidi ubwereke ndowa ziwiri."

"Agogo, amene anapaka ndine."

"Ndikudziwa. Unasiya mizeremizere. Ngakhale laimu amene amapaka ana a sukulu, iwe akukukanika."

Anandiuza kuti laimu pa penti yamafuta sagwira, amangokhala ngati ufa pankhope ya wakuchigayo. Tinang'amba malaya akale, tinayamba kutsuka pang'onopang'ono kuchokera pamwamba. Ndikakanikiza kwambiri ankandimenya dzanja. Amayi a kwaya anayamba kutitungira madzi, osati chifukwa cha chifundo, ankafuna kuona mapeto ake. A Matiyasi anabwera kudzaletsa, akuti komiti sinakhale pansi. Che Penti anawayankha ali pa makwerero kuti komiti inaona chithunzi monga mbuzi imaonera khoma ikamadzikanda, ndiye ikhale pa benchi idikire. A Matiyasi anakwiya, koma anakhala.

Tinamaliza tsiku lachiwiri, dzuwa litapendeka, kuwala kukulowera m'mabowo a njerwa a kumadzulo. Ine ndinali pomwe paja, pafupi ndi khoma, ndikuona matope omwe aja, ndipo mumtima ndinkati tavutikira chiyani. Ndinangomva dzanja lagwira lamba wanga kumbuyo.

"Usatembenuke. Maso pakhoma. Yenda."

Anandikoka chobwerera m'mbuyo pakati pa mabenchi ngati ng'ombe yokana kulowa m'khola. Benchi yachitatu, matope aja anayamba kugwirana. Yachisanu, ndinaona njanji ikukakumana pa kadontho kutali, ndi anthu ali ndi mitolo pamutu, ndi udzu wa m'dambo ukuwala. Ndinafuna kuima, anandikokabe. Msana wanga utagunda chitseko chachikulu anandisiya.

Anali mayi anga. Si kuti ankafanana nawo, iyayi. Anali iwowo, mwana kumbuyo, mutu utapendekera kumanzere, maso atawachepetsa monga ankachitira utsi wa chiwaya ukawalowa. Chobiriwira chija chinali mthunzi wa mpango patsaya. Chikasu chija linali dzuwa pachipumi chothukuta. Timizere tiwiri tija tinkandiyang'ana. Kumbuyo kwanga mayi wina anagwetsa ndowa n'kukuwa kuti, "Mayo ine, si Esinati wa zitumbuwa uyu?" A Matiyasi anadzuka, anabwera pakhomo, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anatuluka panja.

Koma pakamwa panalibe. Pamene ndinapala paja panali chigamba chotuwa, chachikulu ngati chikhatho. Mayi anga ankandiyang'ana alibe pakamwa, ndipo amene anawachotsa ndinali ine.

Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo. Kenako ndinafunsa kuti pakamwapo panali potani. Che Penti anati mayi anali atatsala pang'ono kuseka, kaseko kaja kamene ankayamba nako asanandikalipire. Ndinawagwira mwendo, ine amene sindinapepesepo munthu chibadwire, ndinati agogo konzani. Anati dzanja likukumbukira, koma maso sakuthanso kusiyanitsa chofiira ichi ndi icho, ndipo akaika cholakwika adzakhala mayi wina. Za mawu ndinawanena aja sanazitchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Chimene anachita n'chakuti kuyambira pamenepo, ndikayamba kutukwana munthu pa siteji iwo ali pafupi, ankangogwira lamba wanga kumbuyo n'kukoka pang'ono. Anzanga ankafa ndi phwete. Ine ndinkatonthola.

Agnesi anali atawakakamiza kwa nthawi yaitali kuti akachotse ng'ala kuchipatala, iwo akukana. Pena ankati adikire thonje lithyoledwe, pena ankati akuopa kudzaona mmene ndinaipira ine. Kwa ine ananena zoona tsiku lina: ng'alayo inkawaonetsa dziko monga othamangitsa dzuwa ankalifunira, lopanda mizere, kuwala kokhakokha, ndipo ankachita nalo chidwi. Koma chifukwa cha chigamba chija anavomera. Ndinawanyamula ndine mpaka pokwerera minibasi. Anabwerako diso limodzi lili ndi bandeji, ndipo atamasula anakhala tsiku lonse pakhonde akudandaula kuti zinthu zathwa kwambiri, ndiponso kuti palibe amene anawauza kuti malaya awo a Lamulungu ndi apinki.

Anayamba kusakaniza mitundu pa chivindikiro cha chitini. Ankaika kadontho, kupita nako kutchalitchi nthawi ya dzuwa lomwe lija, kufanizira, kupukusa mutu, kubwerera. Ine ndinkapsa mtima kuti agogo ingopakani, pakamwa ndi pakamwa. Ankandiyankha kuti ndinapala mphindi imodzi, ndiwalole iwo atenge nthawi yawo. Madontho anafika asanu ndi awiri. Anati lachisanu ndi chiwirilo layandikira. Kenako kunabwera chisanu cha mwezi wa Juni, chifuwa chinawagwira, chinasanduka chibayo. Anamwalira masana, Agnesi ali pambali, ine ndili ku Ntaja ndi kasitomala.

Chigambacho chikadalipo. Mnyamata wina wolemba zikwangwani ku Balaka anabwera kumaliro n'kunena kuti atha kukonza mphindi khumi, adzangoika milomo yabwino. Ndinamva magazi akukwera, koma ndinamva ngati lamba wanga wakokedwa, ndiye ndinangomuuza kuti zikomo, pasakhudzidwe. A Matiyasi, amene masiku ano amaimika alendo pakhomo lalikulu n'kumawafotokozera ngati anajambula ndi iwo, anagwirizana nane. Lamulungu ndimakhala benchi yomaliza, pamene mayi amaonekera bwino. Kaseko kaja ndimayesa kukaikapo ndekha m'mutu. Masiku ena kamabwera, masiku ambiri ayi. Munthu yekhayo amene ankakadziwa anapita nako.

Buku lija Agnesi anandipatsa ine, m'thumba lake lomwe la feteleza. Nyumba anakhoma, palibe amene akukhalamo. Pakhonde mpando wawo wa nsungwi anauchotsa, patsala timaenje tinayi pamene miyendo inkaponda. Makwerero anabwereka munthu, sanabweze. Pa zenera pali chivindikiro chija, madontho asanu ndi awiri atauma gwa, fumbi litakwirira, ndipo ndinauza ana a pamenepo kuti amene adzachigwire adzandidziwa. Pali nsanamira yapakona imene ankapukutirapo bulashi zaka zonse zija, moti inanenepa ndi penti, mtundu pamwamba pa mtundu: chikasu cha chigayo, chofiira cha kwa Che Saidi, chakuda cha mitanda, buluu wa mithunzi.

Dzulo madzulo ndinaimika njinga pamenepo. Ndinayang'ana nsanamirayo pafupi, kenako ndinayamba kuyenda chobwerera m'mbuyo, kutsika khonde, kudutsa pamene mayi ankaika chiwaya, kuwoloka msewu, mpaka msana unagunda khoma la golosale. Ndinkati mwina patuluka nkhope. Ndinadikira. Panalibe, mitundu yokhayokha. Che Saidi anatuluka ndi makapu awiri a tiyi, anandipatsa imodzi, tinaima tonse kuyang'ana tsidya. Dzuwa linali likutsika, ndipo mthunzi wa nsanamira unagona pakhonde lopanda munthu, wautali, wabuluu.